Ndege zankhondo zimene zinanyozedwa: n'chifukwa chiyani mlandu wake ukuzengedwanso?

Munthu wokonda kuwerenga za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse sachedwa kukumana ndi chinthu chozunguza mutu: ndege imodzimodziyo, olemba ena amaitcha bokosi la maliro louluka, pomwe ena amaitamanda kuti inateteza dziko lawo zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Brewster Buffalo, ndege yaifupi ndi yonenepa ngati mgolo imene inkapangidwa ku New York kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, imapezeka pafupifupi pa mndandanda uliwonse wa ndege zoipitsitsa umene olemba a ku America ndi ku Britain amalemba. Koma ku Finland oyendetsa ndege ankaitcha ngale ya kumwamba, ndipo kumeneko imakumbukiridwa mwaulemu mpaka lero. Chovuta n'chakuti mbali zonse ziwiri zikunena zimene zinaona ndi maso.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene zikalata zambiri za asilikali a Soviet Union zinayamba kuonetsedwa kwa ofufuza, ndege zingapo zimene zinaweruzidwa kalekale zakhala zikuzengedwanso mlandu. Ena amati kuteroko n'kuwongola chiweruzo chimene chinapotoka, ena amati n'kungofuna kutchuka potsutsa zimene aliyense amadziwa. Kuti munthu atsatire bwino mtsutsowu, pali mfundo zingapo zimene ayenera kuzisiyanitsa, chifukwa mawu akuti "ndege yoipa" amaunjika pamodzi zinthu zimene sizifanana.

Luso la ndege ndi mbiri yake

Luso la ndege limayezeka: liwiro lake, changu chake pokwera, mmene imakhotera, mtunda umene ingauluke mafuta asanathe, ndi zida zimene imanyamula. Mbiri yake ndi chinthu china. Mbiri ndi zimene anthu anatsala nazo m'mutu nkhondo itatha, ndipo kawirikawiri imaumbidwa ndi tsiku limodzi kapena miyezi iwiri yoipa, yosimbidwa ndi anthu amene anapulumukamo ali ndi mkwiyo womveka.

Kwa Buffalo, tsikulo linali 4 Juni 1942. M'mawa umenewo ndege 20 za mtunduwu, za gulu la asilikali a Marine lotchedwa VMF-221, zinanyamuka pa kachilumba ka Midway pakati pa nyanja ya Pacific kukatchinga ndege za Japan zoposa 100 zimene zinkabwera kudzaphulitsa chilumbacho. Ndege 13 sizinabwerere, ndipo mtsogoleri wa gululo, Major Floyd Parks, anali mmodzi wa ophedwa. Kaputeni Philip White, amene anapulumuka, analemba mu lipoti lake kuti mkulu aliyense wotumiza munthu kunkhondo mu ndege imeneyi azimuwerengera kuti watayika kale asananyamuke n'komwe. Mawu amenewa abwerezedwa m'mabuku osawerengeka. Chimene sichibwerezedwa kawirikawiri n'chakuti ambiri mwa anyamata a gululo anali atangotuluka kumene kusukulu yophunzirira kuuluka, ndipo anakumana ndi oyendetsa ndege za Japan za Mitsubishi Zero amene pa nthawiyo anali m'gulu la akatswiri oposa onse padziko lapansi.

Ku Malaya ndi Singapore, kuyambira Disembala 1941 mpaka mzindawo utagwa pa 15 Febuluwale 1942, magulu a Britain, Australia ndi New Zealand anataya Buffalo zawo pafupifupi zonse. Zambiri zinaphwanyidwa zili pansi pabwalo, chifukwa njira zochenjezera kuti adani akubwera zinali zoperewera. Zina zinawonongeka pa ngozi. Ndipo zina zinali ndi injini zakale zimene zinazulidwa m'ndege zonyamula anthu n'kukonzedwanso. Tingayerekeze ndi wosewera mpira amene anaphonya penate pa masewero omaliza a chikho. Anthu amamukumbukira ndi tsiku limenelo, ndipo ndi ochepa amene amafunsa ngati bwalo linali lamatope kapena ngati timu yonse inali itafooka kale. Mafunso amenewa sasintha zigoli, komabe amathandiza kudziwa gawo la mlandu limene lilidi la wosewerayo.

Dzina limodzi, ndege ziwiri

Fakitale ikatulutsa ndege imapitiriza kuisintha, ndipo zilembo ndi manambala amene amawonjezedwa kumapeto kwa dzina amabisa kusiyana kwakukulu. Buffalo imene inapita ku Finland inali ya mtundu woyambirira, wopepuka, wotchedwa B-239. Dzikolo linagula ndege 44 mu Disembala 1939, lili mkati mwa nkhondo yake yoyamba ndi Soviet Union. Zinatumizidwa pa sitima yapamadzi mpaka ku Norway, n'kukalumikizidwa ku Sweden, ndipo zinafika mochedwa moti sizinamenye nawo nkhondoyo, imene inatha mu Malichi 1940. Buffalo ya ku Midway inali F2A-3, imene anaiwonjezera zitsulo zotetezera woyendetsa, mafuta ochuluka ndi zipolopolo zambiri, popanda kuwonjezera mphamvu ya injini molingana ndi kulemerako, ndipo ya a Britain, B-339E, nayonso inalemetsedwa chimodzimodzi. Aliyense amene anaonapo njinga ya kabaza ikukwera chitunda ndi munthu mmodzi, kenaka njinga yomweyo itasenza matumba atatu a makala, amadziwa kuti njinga ndi yomweyo koma ulendo ndi wina.

Nkhondo ya Finland ndi Soviet Union itayambiranso mu Juni 1941, gulu la ndege nambala 24 la Finland linauluka ndi Buffalo mpaka 1944, ndipo linalengeza kuti linagwetsa ndege za adani zoposa 450, ilo litataya zosakwana 20 pomenyana mumlengalenga. Hans Wind yekha anawerengeredwa ndege 39 ali mu Buffalo, ndipo Ilmari Juutilainen anawerengeredwa 34. Kupepuka kokha sikungafotokoze zimenezi. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1930, a Finland anali atasiya kuuluka atatuatatu mothithikana monga ankachitira mayiko ambiri, n'kuyamba kuuluka awiriawiri motalikirana, kuti aliyense aziyang'ana adani m'malo moyang'anira phiko la mnzake, ndipo ankaphunzitsidwa kuwombera ali pafupi kwambiri. Kuzizira kwa dziko lawo kunathandiza injini ya Wright Cyclone, imene m'kutentha kwa ku Malaya inkapsa ndi kulavula oyilo. Amakaniko awo anatulukira kuti kutembenuza imodzi ya mphete za pisitoni m'silinda iliyonse kunkachepetsa vuto la oyilo, kanthu kakang'ono kamene sikalembedwa pa tebulo lililonse loyerekeza ndege. Ndiponso adani amene anakumana nawo mu 1941 ankauluka kwambiri ndi ndege zakale monga Polikarpov I-153 ndi I-16, zambiri zopanda wailesi, zoyendetsedwa ndi anyamata ophunzitsidwa mothamanga. Pofika 1943, ndege zatsopano za La-5 ndi Yak-9 zitachuluka, Buffalo inayamba kupanikizika ku Finland komweko, ndipo dzikolo linayamba kudalira Messerschmitt Bf 109 zochokera ku Germany.

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi inachedwera kumveka kwa owerenga Chingerezi. Finland inkamenya nkhondo ku mbali ya Germany, choncho ndege ya ku America inkagwetsa ndege za dziko limene linali bwenzi la America pankhondoyo. Imeneyi sinali nkhani imene opambana akanathamangira kuilemba.

Msinkhu wa mlengalenga ndi mpweya wa injini

Mpweya umachepa munthu akamakwera m'mwamba. Pa mamita pafupifupi 5,500, mphamvu ya mpweya imakhala theka la mmene imakhalira m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo injini, imene imafuna mpweya kuti iwotche petulo, imayamba kubanika. Mankhwala ake ndi chipangizo chotchedwa supercharger, chimene chimapopera mpweya mu injini mokakamiza, monga momwe mvukuto wa wosula zitsulo umakolezera makala. Pali chosavuta, chozunguzidwa ndi injini yomweyo, chimene chimagwira bwino kufika pa msinkhu winawake basi. Palinso turbo, yozunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, imene imasunga mphamvu ya ndege ngakhale kutali kwambiri m'mwamba, koma ndi yolemera ndiponso imafuna malo.

Pa chipangizo chimenechi ndi pamene pagona nkhani yonse ya ndege ina ya ku America, Bell P-39 Airacobra. Ndegeyi inali yachilendo m'mapangidwe ake: injini ya Allison inali kumbuyo kwa woyendetsa, mtanda wozunguza pulopela unkadutsa pansi pa mapazi ake, mfuti yaikulu ya mamilimita 37 inkawombera kudzera pakati pa pulopela, inali ndi gudumu lakutsogolo, ndipo woyendetsa ankalowa pa chitseko chonga cha galimoto. Ndege yoyamba yoyeserera inali ndi turbo, koma mu 1939, akatswiri atayeza mmene mphepo inkaikanizira, turbo inachotsedwa. Zotsatira zake zinali zakuti P-39 inali yachangu pansi, koma ikadutsa mamita 4,000 kapena 4,500 inkayamba kufooka. Kuti tione msinkhu umenewu, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, pomwe ndege zoponya mabomba za America zinkauluka pamwamba pa Germany pa mamita 7,000 kapena kuposerapo.

A Britain anaiyesa ndi gulu lawo la 601 chakumapeto kwa 1941 ndipo sanachedwe kuikana. Ku New Guinea ndi Guadalcanal mu 1942, oyendetsa a ku America ankavutika kukwera kuti afike pamene ndege za Japan zinkadutsa, ndipo anaipekera nthabwala zowawa. Inalinso ndi vuto lenileni limene palibe angalikane: zipolopolo za kumphuno zikatha, kulemera kunkasamukira kumbuyo, ndipo ndegeyo inkatha kulowa m'kuzungulira kwa chafufumimba kumene kunali kovuta kutulukamo.

Mwa P-39 pafupifupi 9,500 zimene zinapangidwa, pafupifupi theka linatumizidwa ku Soviet Union pansi pa dongosolo la America lobwereketsa zida kwa anzake pankhondo lotchedwa Lend-Lease, zina kudzera ku Iran, zina kuuluka kuchokera ku Alaska kudutsa Siberia. Kumeneko nkhondo ya mumlengalenga inali yamtundu wina. Ndege zinkamenyanirana pamwamba penipeni pa asilikali apansi, kawirikawiri kunsi kwa mamita 5,000, ndipo mabwalo anali pafupi ndi malo omenyerapo, choncho kuchepa kwa mtunda umene P-39 inkauluka sikunali vuto lalikulu. Oyendetsa ambiri ankachotsa mfuti za m'mapiko kuti ipepuke, ndipo ankayamikira wailesi yake yomveka bwino, imene inawalola kulangizana ali mkati mwa nkhondo. Alexander Pokryshkin, amene anawerengeredwa ndege 59, anagwetsa zambiri mwa izo ali mu P-39, makamaka kuyambira pa nkhondo za ku Kuban, kum'mwera kwa Russia, mu 1943, ndipo mnzake Grigory Rechkalov anachita chimodzimodzi.

Kwa zaka zambiri mabuku a Chingerezi ankafotokoza chipambanochi ponena kuti a Soviet ankagwiritsa ntchito P-39 kuphwanyira akasinja, ngati kuti ndege yonyozekayo inangopezeredwa ganyu yapansi. Ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti maganizowa anakula chifukwa chomasulira molakwa mawu a Chirasha otanthauza kuphimba asilikali apansi, amene kwenikweni ankanena za kuwateteza kwa ndege za adani. Komanso America sinatumize zipolopolo zoboola zitsulo za mfuti yaikuluyo. Ntchito yaikulu ya P-39 kumeneko inali kumenyana ndi ndege zinzake, kuphatikizapo Bf 109 ndi Focke-Wulf 190. Apa ndi pamodzi pamene kuunikanso kunakonzadi cholakwa chooneka, ngakhale kuti sikunafafanize zimene a Britain anapeza: pa nkhondo ya pamwamba kwambiri ya kumadzulo kwa Europe, P-39 sikanathandiza.

Ntchito imene ndege inapangidwira

Ndege iliyonse yankhondo imapangidwa poyankha chikalata cha boma chonena ntchito imene ikufunika, ndipo chikalatacho chimalembedwa ndi anthu amene akulosera mmene nkhondo yamtsogolo idzakhalire. Akalosera molakwa, ndege imasenza mlandu wawo. Khasu silikhala loipa chifukwa lalephera kugwetsa mtengo wa mbawa.

Fairey Battle, ndege ya Britain yoponya mabomba, ya injini imodzi ndi anthu atatu, inali yamakono pamene inauluka koyamba mu 1936. Pofika Meyi 1940 inali itatsalira, ndipo inatumizidwa masana, motsika, kawirikawiri popanda ndege zoiperekeza, kukaphulitsa milatho imene a Germany anali ataizinga ndi mfuti zowombera ndege. Pa 14 Meyi ku Sedan, m'dziko la France, mwa ndege 71 zimene zinatumizidwa masana a tsikulo, zambiri mwa izo Battle, 40 sizinabwerere. Koma m'chaka chomwecho ndi chotsatira, asilikali amumlengalenga a South Africa anagwiritsa ntchito Battle kum'mawa kwa Africa polimbana ndi Italy, pa nkhondo imene asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nawo, ndipo kumeneko, kumene ndege za adani zinali zochepa ndi zachikale, inagwira ntchito yake. Mazanamazana a Battle anathera ku Canada, Australia ndi South Africa akuphunzitsira oyendetsa ndi owombera.

Boulton Paul Defiant inapangidwa poganiza kuti ndege zoponya mabomba za Germany zidzafika ku Britain zopanda operekeza, chifukwa mtunda wochokera ku Germany unali wautali. Choncho mfuti zake zonse zinayi anaziika m'kanyumba kozungulira kumbuyo kwa woyendetsa, kutsogolo osaikako ngakhale imodzi. France itagwa, Bf 109 zinayamba kunyamukira tsidya lina la English Channel, ndipo maziko a ganizo lija anagumuka. Defiant inachotsedwa pa nkhondo yamasana mu Ogasiti 1940, n'kukathandiza usiku pa nthawi imene Britain inalibe ndege zokwanira zolondera mumdima.

Kuwerenga ndege zogwetsedwa

Mfundo iyi ndi imene imaluma mbali zonse, otsutsa ndi oikira kumbuyo omwe. Chiwerengero cha ndege zimene gulu linanena kuti lagwetsa sichifanana ndi chiwerengero cha ndege zimene mdani anatayadi. Kusiyanaku nthawi zambiri sikuchokera ku bodza. Alenje asanu akawombera nkhanga imodzi nthawi imodzi, nkhangayo n'kugwa, aliyense amabwerera kumudzi ali wotsimikiza kuti ndiye waipha, ndipo mudzi ukawerengera pakamwa pawo upeza nkhanga zisanu. Mumlengalenga zinthu zimachitika m'masekondi ochepa. Ndege imene yatulutsa utsi n'kutsika mwaliwiro ikhoza kukhala kuti yangothawa.

Pa 15 Sepitembala 1940, a Britain analengeza kuti agwetsa ndege za Germany 185, koma zikalata za Germany zitapezeka nkhondo itatha zinaonetsa kuti zinali pafupifupi 60. Pa 29 Meyi 1940, gulu limodzi la Defiant linanena kuti lagwetsa ndege 37 pamwamba pa Dunkirk ku France tsiku limodzi, chiwerengero choposa kutali ndege zonse zimene Germany inataya kuderalo tsikulo. Vutoli linali m'magulu ankhondo a mayiko onse. Motero munthu akamva kuti Buffalo ya ku Finland inkagwetsa ndege zoposa 20 pa imodzi iliyonse yotayika, kapena akamva ziwerengero za akatswiri a P-39, ayenera kukumbukira kuti mbali imodzi ya kuyerekezako ndi zonena za owombera, pomwe mbali inayo ndi kaundula wa ndege zawo zimene sizinabwerere, amene amakhala wolondola kwambiri. Ofufuza amene ayerekeza zonena za a Finland ndi zikalata za Soviet Union apeza kuti pa nkhondo zina ziwerengero zimayandikana, pa zina zimatalikirana kwambiri. Ngakhale titadula chiwerengerocho pakati, Buffalo ya ku Finland ikhalabe inachita bwino. Koma n'zosayenera kukayikira ziwerengero zimene zinanyozetsa ndege, n'kumeza osatafuna zimene zikuikweza.

Kaundula wa zotayika naye ali ndi mbuna zake. Ndege imene yawomberedwa n'kukaphwanyika potera kwawo, ena ankailemba kuti yatayika pankhondo, ena kuti yachita ngozi. A Germany ankalemba kuwonongeka kwa ndege m'maperesenti, ndipo zikalata zawo zambiri za 1944 zinasowa.

Ngozi, ndi mmene zimawerengedwera

Ndege zina zinaipa mbiri osati chifukwa cha adani koma chifukwa chopha eni ake. Pano muyeso woyenera si kuchuluka kwa ngozi kokha, koma ngozi poyerekeza ndi maola amene ndege zauluka kapena maulendo amene zapanga. Minibasi yoyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe tsiku ndi tsiku idzakumana ndi zambiri kuposa galimoto imene imatuluka Lamlungu lokha, ndipo zimenezi pazokha sizinena kuti yopangidwa bwino ndi iti.

Martin B-26 Marauder, ndege ya America yoponya mabomba, inali ndi mapiko aafupi poyerekeza ndi kulemera kwake, choncho inkayenera kutera pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, limene ophunzira a mu 1942 sanalizolowere. Pa bwalo la MacDill ku Florida ngozi zinachuluka mpaka panabuka mwambi wakuti tsiku lililonse imodzi imagwera m'nyanja ya Tampa Bay, ndipo anaipatsa dzina lakuti chopanga akazi amasiye. Komiti ya nyumba ya malamulo ya America yotsogozedwa ndi Harry Truman inafufuza nkhaniyi. Mapiko anatalikitsidwa ndi mamita pafupifupi awiri, maphunziro anakonzedwa, ndipo pambuyo pa tsoka la pa 17 Meyi 1943, pamene ndege zonse 10 zimene zinapitirira ulendo wopita ku IJmuiden ku Netherlands zikuuluka motsika zinatayika, akuluakulu anaisamutsira pa msinkhu wa mamita 3,000 kapena kuposerapo pang'ono. Pofika kumapeto kwa nkhondo, B-26 inali ndi chiwerengero chotsika kwambiri cha zotayika pa ulendo uliwonse mwa ndege zoponya mabomba za America ku Europe. Imodzi, yotchedwa Flak-Bait, inapanga maulendo ankhondo oposa 200 ndipo ikusungidwa ndi Smithsonian, bungwe la ku America losunga zinthu zakale. Dzina loipa lija, komabe, silinachoke.

Nkhondo itatha kale, dzina lomwelo linapatsidwanso ndege ya jeti ya ku America, Lockheed F-104 Starfighter, ku West Germany. Dzikolo linagula ndege 916, linataya 292 pa ngozi, ndipo oyendetsa 116 anafa. Ndegeyi inapangidwa kuti izikwera mwachangu kukatchinga adani kutali m'mwamba, koma a Germany anaigwiritsa ntchito kuuluka mwaliwiro pafupi ndi nthaka, itasenza katundu, m'nyengo ya nkhungu ndi mitambo. Gulu lawo lankhondo lamumlengalenga linali litangokhazikitsidwanso mu 1956 patatha zaka khumi kulibe, amakaniko anali operewera, ndege zambiri zinkagona panja, ndipo oyendetsa ankaphunzirira ku Arizona kumene thambo limakhala loyera. General Johannes Steinhoff atatenga utsogoleri mu 1966 anasintha maphunziro, kasamalidwe ndi mipando yodziponyera kunja, ndipo ngozi zinatsika. Oikira kumbuyo F-104 amakonda kutchula Spain, imene inauluka ndi ndege 21 kuyambira 1965 mpaka 1972 osataya ngakhale imodzi. Otsutsa amayankha kuti ndege 21 zouluka nyengo yabwino si umboni wokwanira, kuti Canada nayonso inataya pafupifupi theka la zake, ndiponso kuti m'zaka za m'ma 1970 zinaululika kuti Lockheed inkapereka ziphuphu kwa akuluakulu a m'mayiko angapo, zimene zimasiya chikayiko pa chifukwa chimene ndegeyi inasankhidwira ntchito yosagwirizana ndi mapangidwe ake.

Kuphimbidwa ndi mnzake

Pali ndege zina zimene sizinanyozedwe kwenikweni koma zinangoima pafupi ndi yokongola kuposa izo. Pa nkhondo ya mumlengalenga ya Britain mu 1940, magulu a Hawker Hurricane anali ochuluka kuposa a Spitfire, ndipo Hurricane ndi imene inagwetsa zoposa theka la ndege za Germany. Thupi lake lakumbuyo linali lokutidwa ndi nsalu, moti chipolopolo chinkatha kungodutsa osaphulika, ndipo amakaniko ankaikonza pabwalo pomwepo. Inali yochedwa kuposa Spitfire ndi Bf 109, zimenezo n'zoona, ndipo chiwerengero chake chachikulu chikufotokozedwa pang'ono ndi kuchuluka kwake. Itachoka pa nkhondo ya ku Europe inapitiriza ku North Africa ndi ku Burma, kumene mu 1944 inkaponyabe mabomba pothandiza asilikali apansi pa nthawi imene asilikali a ku Nyasaland ankadutsa m'chigwa cha Kabaw ndi gulu la 11 la East Africa.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi la muyeso. Ofufuza sagwirizana ngati ndege iyenera kuweruzidwa poiyerekeza ndi ntchito imene inapangidwira, ndi ntchito imene inapatsidwa, kapena ndi ndege ina imene dzikolo likanagula ndi ndalama zomwezo. Pa muyeso woyamba Defiant ikhoza kupulumuka, pa wachitatu zimavuta, popeza injini ya Merlin imene inali mu Defiant kapena Battle iliyonse ikanatha kukhala mu Hurricane.

Funso lachiwiri ndi la kulekanitsa chitsulo ndi munthu. A Finland anachitanso bwino ndi Fiat G.50 ya ku Italy ndi Curtiss Hawk ya ku America, ndege zimene kwina sizinatchuke. Kodi zimenezi zikuonetsa kuti ndege zonsezi zinanyozedwa molakwa, kapena kuti oyendetsa a ku Finland, pa mdani amene anali naye mu 1941 ndi 1942, akanapambana ndi ndege ina iliyonse yapakatikati? Ngati yankho ndi lachiwiri, ndiye kuti chimene chikuyeretsedwa si Buffalo.

Lachitatu likukhudza mboni. Pa nthawi ya mkangano wa Soviet Union ndi mayiko a azungu, mabuku a ku Moscow ankachepetsa phindu la zida zochokera ku America, pomwe a kumadzulo sankawerenga kwambiri zolemba za Chirasha. Oyendetsa P-39 ambiri anafunsidwa momasuka atakalamba kale, ndipo n'kovuta kusiyanitsa ngati ankakonda mapiko ndi injini ya ndegeyo, kapena wailesi yake, galasi lake loonekera bwino ndi kupangidwa kwake mosamala poyerekeza ndi ndege zopangidwa mothamanga m'mafakitale osamutsidwa ndi nkhondo.

Lomaliza ndi lakuti zina sizingayesedwenso. Spitfire, Hurricane ndi P-39 zikadalipo zouluka, koma Buffalo youluka kulibe. Yotsala yodziwika bwino ndi BW-372 ya ku Finland, imene Lauri Pekuri anatera nayo panyanja ina ku Karelia itawomberedwa mu Juni 1942, ndipo inavuulidwa mu 1998. Ili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mmene inatulukira m'madzi. Mmene B-239 yopepuka ikanachitira ikanakumana ndi Zero pamwamba pa Midway, ili m'manja mwa woyendetsa wozolowera nkhondo, ofufuza akungoyerekeza pa mapepala, ndipo mapepalawo mpaka pano sanawagwirizanitse.